Liwiro Pansi pa Denga: Kujambula Mpikisano wa Njinga Kuwala Kutachepa

Pa masewera a Olympics a ku Paris mu 2024, Harrie Lavreysen wa ku Netherlands anapalasa njinga mtunda wa mamita 200 pa masekondi 9.088. Tikawerengetsa, ndiye kuti pa sekondi iliyonse ankadutsa mamita 22, liwiro la makilomita pafupifupi 79 pa ola. Izi sizinachitikire pamsewu dzuwa likuswa mtengo ayi. Zinachitikira m'nyumba, pabwalo la matabwa la ku Saint-Quentin-en-Yvelines, ndipo ojambula zithunzi onse ankadalira magetsi a kudenga. Kwa anthu oonerera m'nyumbamo munali ngwee. Kwa kamera munali kachisisira.

Diso la munthu si mboni yodalirika pa nkhani ya kuwala. Limazolowera msanga, moti mukakhala mphindi ziwiri m'chipinda choyaka babu limodzi mumayamba kuona ngati kwacha. Kamera sizolowera, imangowerenga zimene zilipo. Kuwala kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa lux, ndipo dzuwa la masana kukakhala kopanda mitambo limafika ma lux pafupifupi 100,000. Bungwe la UCI, lomwe limayendetsa masewera a njinga padziko lonse, limafuna ma lux osachepera 1,400 pa Olympics ndi pa mpikisano waukulu wa dziko lonse, 1,000 kapena 500 m'mabwalo otsikirapo, ndi 300 basi pa nthawi yokonzekera pamene kulibe oonerera. Mlingo wapamwamba uja ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 70 a kuwala kwa dzuwa. Wotsikitsitsawo ndi gawo limodzi mwa magawo oposa 300. Chinthu chothamanga kwambiri, pamalo owala pang'ono: vuto lonse la nkhani ino lagona pamenepo.

Bwalo lake

Bwalo la mtundu umenewu limatchedwa velodrome. Ambiri a masiku ano ndi aatali mamita 250 kuzungulira kamodzi. Amakhala ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri opendekeka ngati khoma limene likufuna kugona. Ku Lee Valley mumzinda wa London, bwalo limene linamangidwira Olympics ya 2012, makonawo ndi opendekeka madigiri 42, ndipo pansi ponse ndi timatabwa topyapyala ta paini wa ku Siberia. Munthu wovala nsapato wamba sangakwere pakona yoteroyo osagwira pansi ndi manja.

Njinga zake zilibe mabuleki. Giya ndi imodzi, ndipo mapedulo ndi tayala lakumbuyo n'zolumikizana kotheratu, kotero tayala likamazungulira miyendo nayo imazungulira, kufuna kusafuna. Onse amalowera mbali imodzi, kukhotera kumanzere. Pamatabwapo pali mizere: m'munsi mwenimweni lamba wa buluu wotuwira, kenako mzere wakuda umene amayezerapo kutalika kwa bwalo, pamwamba pake wofiira, ndipo chapakati wina wa buluu. Wojambula asaione ngati zokongoletsa. Mizere imeneyi imamuuza pamene njinga idutse. Amene akulimbana ndi wotchi amakakamira mzere wakuda, chifukwa ndiyo njira yaifupi.

Zitatu zimene sizingakhute zonse

Kamera ili ndi zinthu zitatu zokha zoti chithunzi chiwale mokwanira. Choyamba ndi nthawi imene shutter, kachitseko kotchinga sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kamera), imakhala yotsegula. Chachiwiri ndi kukula kwa bowo la lenzi, limene ojambula amati aperture n'kumalemba f/2.8, f/4, f/5.6. Nambala ikamakwera bowo limachepa, ndipo sitepe iliyonse pa zitatuzi imadula kuwala pakati. Chachitatu ndi ISO. Imeneyi siwonjezera kuwala ngakhale pang'ono, imangokuza zimene sensa yatola, zabwino ndi zinyalala zomwe. Ndiye chifukwa chake chithunzi cha ISO yokwera chimaoneka ngati achiwaza mchenga.

Padzuwa zitatuzi zimagwirizana popanda mkangano. Mu velodrome zimasanduka bulangete lalifupi m'mwezi wa June: mukafunda kumutu mapazi ali pamtunda, mukakokera kumapazi khosi lili pamphepo. Palibe nzeru imene ingalitalikitse. Chimene wojambula amasankha n'chakuti azizidwe pati.

Tiyeni tiike manambala. Pa liwiro la Lavreysen lija, shutter ikatseguka 1/1000 ya sekondi, njinga imakhala itasuntha mamilimita 22. Pa 1/250 imasuntha masentimita pafupifupi 9. Pa 1/60 imasuntha masentimita 37, kuposa theka la tayala. Choncho amene akufuna kuimitsa njinga yodutsa chopingasa, kamera ili phee, ayambire pa 1/1000, ndipo 1/2000 ndiye yotsimikizika. Tsono mtengo wake ndi uwu. Ndi lenzi ya f/2.8 pa 1/1000, bwalo la ma lux 1,000 limafuna ISO pafupifupi 2000. La ma lux 500 limafuna 4000, ndipo la 300 limafuna 6400. Lenzi ikakhala ya f/5.6, monga zilili zambiri zotchipa zimene zimabwera limodzi ndi kamera, manambala onsewo achulukitseni kanayi. Bwalo la ma lux 500 lija tsopano likufuna ISO 16000.

N'chifukwa chake m'mphepete mwa bwalo mumaona malenzi a 70-200 mm f/2.8 ali mbwee. Ndi odula, komanso olemera. Koma pali njira ya munthu wa thumba lochepa imene ambiri amaiderera: kalenzi ka 50 mm kapena 85 mm ka f/1.8, kosatha kukoka chinthu chakutali. Pa f/1.8 kamalowetsa kuwala kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi f/5.6. Ine ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi, ndikanagula kalenzi kameneka ndisanaganize zosintha kamera. Ndipo musanamizidwe ndi zija amalemba pabokosi kuti lenzi imaletsa kugwedera. Imaletsa kunjenjemera kwa manja anu, osati kuthamanga kwa njinga.

Pakati pa mchenga ndi chimbuuzi, sankhani mchenga. Chithunzi cha ISO 8000 chimene nkhope ikuoneka bwino chikhoza kusindikizidwa m'nyuzipepala, ndipo mapulogalamu a pakompyuta a masiku ano amachotsa mchenga wambiri. Nkhope imene yafufutika chifukwa shutter inachedwa palibe sing'anga wake. Amene angoyamba kumene amaopa ISO mopitirira muyezo, amaisiya pa 800, n'kubwerera kunyumba ndi mizukwa yokhayokha.

Mbali imene njinga ikuchokera imasinthanso masamu. Ikamabwera molunjika kwa inu, chithunzi chake pasensa sichisuntha kwambiri, chimangokula, ndipo 1/500 imatha kukwanira. Koma vuto limasamukira ku fokasi. Lenzi ya 200 mm pa f/2.8, pa kamera ya sensa yaikulu, munthu ali pa mamita 15, malo amene amaoneka bwino ndi pafupifupi mita imodzi kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Njinga payokha ndi yaitali kuposa pamenepo. Wopalasa amalowa ndi kutuluka m'kadanga kameneka musanaphethire. Fokasi ikagwira tayala lakutsogolo m'malo mwa nkhope, chithunzi chatha.

Kuyenda nayo limodzi

Pali njira ina imene simalimbana ndi mdima koma imaugwiritsa ntchito. Ojambula amaitcha panning. M'malo moimika kamera, mumaiyendetsa motsatira wopalasa pa liwiro lake lomwelo, shutter ili yochedwa dala: 1/125, 1/60, olimba mtima amafika 1/30 kapena 1/15. Popeza kamera ikuyenda naye, iye amakhala pamalo amodzimodzi pasensa ndipo amatuluka bwino, pamene matabwa, zikwangwani za malonda ndi oonerera zimasanduka mizeremizere. Kuchoka pa 1/1000 kufika pa 1/60 kuwala kumawirikiza ka 16. Bwalo limene limafuna ISO 6400 tsopano likukhutira ndi 400.

Kachitidwe kake kamaoneka kophweka munthu akamaonera. Mapazi amaima moyang'ana kumene mukufuna kudinira, osati kumene njinga ikuchokera. Thupi limapotoka m'chiuno kukaichingamira, zigongono zitakanikiza nthiti, kamera itatsamira pamphumi. Mumayamba kuitsatira idakali patali, kadontho ka fokasi kali pachipewa kapena paphewa, mumadina thupi likuwongoka, ndipo simuima mukadina. Mumapitiriza mpaka njinga itadutsa. Amene amaima pa nthawi yodina amaononga chithunzi pa kamphindi komwe kanali kofunika.

Ngakhale mutachita bwino chotani, si zonse zimene zingatuluke bwino, ndipo apa ndi pamene pali kukoma kwake. Thupi la wopalasa likupita kutsogolo, koma miyendo ikuzungulira. Akamatchova maulendo 120 pa mphindi, pa 1/30 ya sekondi pedulo imakhala itayenda madigiri 24, ndiye mawondo ndi nsapato zimachita mbuu. Masipoko amasowa. Pamwamba pa tayala pamathamanga kawiri liwiro la njinga, pamene pansi pake, pokhudza matabwa, pamakhala ngati paima. Komanso njinga ikakhala pafupi nanu, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake sizisuntha mofanana m'diso la lenzi, kotero mukagwira mutu, tayala lakumbuyo limatayika pang'ono. Chofunika n'chimodzi: pakhale malo amodzi akuthwa pamene diso la woona lingatere. Akakhala nkhope kapena chipewa, zina zonse zimakhululukidwa. Chithunzi chopanda malo otero si luso ayi, ngakhale mwini wake atachikometsa ndi mawu.

Ndinene maganizo anga. Chithunzi cha 1/2000, chimene sipoko iliyonse ikuwerengeka, nthawi zambiri chimanama. Chimaonetsa munthu ngati wamatidwa pakhoma, njinga itaima. Amene sanaonepo velodrome sangadziwe kuti munthuyo amathamanga kuposa galimoto ya m'tauni. Chithunzi choyenda nayo limodzi ndicho chimanena zoona za liwiro. Koma chili ndi mtengo wake: zambiri zimene mungadine zimatayidwa, ndipo pa mphindi imene sibwerezedwa, monga pomaliza pa fainolo, wojambula wa nyuzipepala sangachite juga. Pamenepo amakweza shutter, n'kulandira mchenga.

Chimene chimapulumutsa wophunzira n'chakuti bwaloli ndi lozungulira. Pa mpikisano wa pamsewu gulu limadutsa kamodzi, vuu, basi lapita. Kuno amabwereranso. Pa 8 October 2022, Filippo Ganna wa ku Italy anapalasa makilomita 56.792 mu ola limodzi pabwalo la ku Grenchen ku Switzerland. Amenewo ndi maulendo 227 ozungulira, ulendo uliwonse masekondi osakwana 16, pamzere wakuda womwewo, pansi pa magetsi omwewo. Wojambula amene anakhala malo amodzi anapatsidwa chithunzi chimodzimodzi maulendo 227. Mumadina, mumayang'ana pasikirini, mumakonza, mukadzutsa mutu munthu uja akutulukanso pakona.

Kudziwa mpikisano

Zida zikafika pamapeto pake, chotsala ndi kudziwa chimene chichitike. Mpikisano uliwonse uli ndi mphindi zake zimene liwiro limatsika kapena malo ochitikira amadziwikiratu, ndipo mphindi zimenezo ndi mphatso kwa munthu wosowa kuwala.

Tengani sprint ya anthu awiri. Amazungulira katatu, koma amayamba pang'onopang'ono ngati anthu oyenda pansi. Wakutsogolo amapalasa khosi atalipotoza, maso ali pa mnzake. Nthawi zina amaimiratu pakona, osaponda pansi, aliyense akufuna mnzake atsogole kuti iye abisale kumphepo kumbuyo kwake. Pamenepo 1/250 ndi yokwanira, ndipo mumapeza chinthu chimene pa liwiro lalikulu sichipezeka: maso. Belu la ulendo womaliza likamalira, chala chikhale chitabwezera kale shutter pa 1/1000. Makamera ambiri amalola kusunga makonzedwe awiri kapena atatu oti muzisintha ndi kabatani kamodzi, ndipo apa ndiye pa ntchito yake.

Keirin inayambira ku Japan mu 1948, ndipo inalowa mu Olympics mu 2000. Opalasa amandanda kumbuyo kwa kanjinga kamoto kamene kamakweza liwiro pang'onopang'ono mpaka makilomita 50 pa ola, kenako kamapatuka kutatsala maulendo atatu. Maulendo oyambawo mzere umayenda mosalala, abwino kwa panning. Omalizawo ndi phokoso, mapewa kugundana, ndipo ngozi zambiri zimachitika pamenepo. Mu team pursuit, anthu anayi amapalasa makilomita 4 matayala atatsala pang'ono kukhudzana, ndipo wotsogolera akatopa amakwera m'mwamba pakona, anzake amadutsa pansi, iye n'kutsetserekera kumbuyo kwa mzere. Kusinthanaku kumachitikira pakona nthawi zonse. Mukaona kawiri, mwadziwa poloza lenzi. Nanga poyambira? Njinga imagwidwa ndi makina, wotchi imawerenga chotsika, ndipo munthu amadzuka pachishalo n'kukankha giya yolemera kuchokera poima. Mano ali gwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma liwiro lidakali lochepa. Palibe malo ena m'bwalo monse amene amapereka nkhope yotere pa mtengo wotsika chonchi.

Madison ndiyo imasokoneza mutu. Dzina lake linachokera ku Madison Square Garden ku New York. Timu iliyonse ndi anthu awiri: wina akupikisana m'munsi, wina akupuma m'mwamba, ndipo posinthana amagwirana dzanja, wotopayo n'kumuponya mnzake kutsogolo. Matimu akachuluka, zimachitika paliponse nthawi imodzi. Wofuna kutola zonse satola kanthu. Sankhani timu imodzi, muitsatire maulendo angapo, muone wopumayo akayamba kutsika atatambasulira dzanja kumbuyo. Kwawo kwa madison masiku ano ndi ku Ghent ku Belgium, m'nyumba yotchedwa 't Kuipke, kumene mwezi wa November uliwonse kumakhala mpikisano wa masiku 6. Bwalo lake ndi la mamita 166 okha, makona ake ndi oimirira kuposa a ku London, ndipo pakati pa bwalo pamadzaza anthu atagwira matambula a mowa. Patrick Sercu anapambanako ka 11. Pabwalo laling'ono chonchi lenzi yaitali imachepa ntchito, yaifupi ndiyo imalamula.

Magetsi amaphethira

Pali chinthu chimene diso siliona koma kamera imachiona. Magetsi a m'mawaya amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi ku Ulaya ndi kuno kwathu, 60 ku United States, ndipo mababu ambiri a m'mabwalo amawala ndi kuzilala kawiri pa ulendo uliwonse, kutanthauza ka 100 kapena ka 120 pa sekondi. Shutter ya 1/60 imameza kuphethira konseko, osaonetsa kanthu. Ya 1/1000 imangotola kachidutswa. Zotsatira zake, pa zithunzi zisanu zodinidwa motsatizana, china chimawala bwino, china chimada, china chimapita kobiriwira, china kofiirira, makonzedwe ali omwewo. Ambiri amaganiza kuti kamera yawonongeka. Kuyambira pa Canon EOS 7D Mark II ya mu 2014, makamera ambiri ali ndi njira yozindikira kuphethiraku n'kudikira kamphindi kuti adine magetsi ali pachimake. Iyatseni. Imachepetsa pang'ono kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, koma zotsalazo zimafanana.

Mababu a LED ndi zikwangwani za malonda zoyaka zimabweretsa vuto lina, mizere yakuda yopingasa pachithunzi, makamaka mukagwiritsa ntchito shutter yamagetsi, yopanda phokoso. Shutter imeneyi siwerenga sensa yonse nthawi imodzi, imayambira pamwamba kutsika mzere ndi mzere. Ikamafika m'munsi njinga imakhala itasuntha, ndiye tayala lozungulira limatuluka ngati dzira, ndipo mizati yowongoka imapendama. Si matenda atsopano. Jacques Henri Lartigue wa ku France anajambula galimoto ya mpikisano zaka zoposa 100 zapitazo, tayala lake lopendamira kutsogolo, anthu a m'mbali mwa msewu opendamira kumbuyo, pa chifukwa chonga chomwechi. Makamera odula a masiku ano amawerenga mofulumira kwambiri, ndipo Sony a9 III, imene inalengezedwa mu 2023, imawerenga sensa yonse kamodzi. Pa kamera wamba mankhwala ake ndi kubwerera ku shutter ya chitsulo, yaphokoso ija.

Matabwa oyera, nkhope yakuda

Kamera ikasiyidwa kuti iziyeza yokha kuwala, velodrome imaipusitsa mbali zonse. Ikaona matabwa oyera a paini imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kudetsa chithunzi. Njinga ikakwera m'mwamba, kumbuyo kukhala mipando ya oonerera kumene kuli bii, imaganiza kuti kwada, n'kuwalitsa mpaka yunifomu yoyera kupserera. Chikhalirecho kuwala kogwera pa wopalasa sikunasinthe. Ubwino wa magetsi ndi womwewo: alibe mitambo, salowa madzulo. Ikani kamera pa manual, yezani kamodzi pa nthawi imene opalasa akutenthetsa thupi, n'kusiya pomwepo. Chongoyenera kudziwa n'chakuti mababu samwaza kuwala mofanana. Pamakhala zigawo zowala ndi zina zoderako, ndipo kusiyana kwake kumatha kufika theka. Yendani ndi maso bwalo lonse, mupeze chigawo chowala, mudikirire pamenepo.

Kuwala konse kumachokera kumwamba, wopalasa waweramira pamahandulo, ndipo chipewa chaphimba mphumi. Nkhope imakhala mumthunzi. Kwa munthu wa khungu loyera zimapiririka. Kwa wa khungu lakuda, monga Nicholas Paul wa ku Trinidad and Tobago kapena Grégory Baugé wa ku France, kamera yoyezera matabwa imasiya dzenje lakuda pansi pa chipewa, mano okha akuoneka. Kulakwa kumeneko ndi kwa wojambula, si kwa khungu. Yezerani nkhope, matabwa awale mopitirira pang'ono ngati kuli kutero. Paini yemweyo amathandizanso: pakona, thupi likapendekera kumatabwa, kuwala kumanjanja kuchokera pansi n'kuunikira chibwano ndi masaya. Kumabwera ndi mtundu wachikasu, n'chifukwa chake ndi bwino kujambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yatola, kuti mtunduwo mukaukonze bwinobwino pakompyuta.

Nanga fulashi? Kafulashi ka pakamera kapena pafoni, mukakhala pamipando, n'kungotaya batire. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kwake kumatsala gawo limodzi mwa anayi, ndiye kamangounikira dazi la amene wakhala kutsogolo kwanu. Pafupi ndi bwalo nkhani ndi ya chitetezo: anthu ali pa makilomita 60 pa ola, motsatana, opanda mabuleki. Mabwalo ambiri amaletsa, ena amalola ojambula ovomerezeka okha. Funsani oyang'anira musanayatse. Lamulo lomwelo likukhudza kutulutsa lenzi kapena chigongono kupyola mpanda wa pamwamba, chifukwa opalasa amadutsa pafupi kwambiri ndi mpandawo. Kachivindikiro ka lenzi kakagwera pamatabwa kakhoza kugwetsa anthu asanu.

Kanthu kena kamene mabuku ambiri satchula ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, njinga zimaudula mosavuta, kotero pa mipikisano ikuluikulu m'nyumbamo amatenthetsamo dala. Pa Olympics ya ku London munkafika madigiri pafupifupi 28. Nyengo ya mipikisanoyi ku Ulaya nthawi zambiri ndi yachisanu. Kamera imene yachokera kunja kozizira ikangotulutsidwa m'chikwama, galasi limachita nthunzi, ndipo kupukuta sikuthandiza chifukwa imabwereranso. Fikani msanga, chikwama chikhale chotseka kwa kanthawi mpaka zida zifunde.

Akale ankatani?

Zonsezi tikudandaula ife a ISO 6400. Major Taylor, munthu wakuda wa ku America amene anakhala katswiri wa dziko lonse ku Montreal mu 1899, timamudziwa makamaka kudzera m'zithunzi zimene njinga yaima, iye akuyang'ana kamera kapena wina atamugwirira poyambira. Patapita zaka zambiri, ojambula ankalowa m'mabwalo ndi filimu ya Kodak Tri-X ya 400, n'kuikakamiza kufika 1600 poitsuka nthawi yotalikirapo m'mankhwala. T-Max P3200 inabwera mu 1988. Kamera ya Nikon D3 ya mu 2007 ndi imodzi mwa zimene zinasintha zinthu, pamene ISO 6400 inayamba kutulutsa zithunzi zogulitsika.

Akale enieniwo analibenso fokasi yodziyendera yokha. Ankasankha malo pamatabwa, kaya chilembo cha malonda kaya polumikizana mizere, n'kuika fokasi pamenepo ndi dzanja, n'kudikira. Ankadina tayala litatsala pang'ono kufika, podziwa kuti chala ndi kamera zimachedwa pang'ono. Njira imeneyi sinafe. Kuwala kukachepa, kamera yotchipa imayamba kusakasaka fokasi, lenzi kupita kutsogolo ndi kumbuyo njinga ikudutsa. Izimitseni, muchite zachikale. Imagwiranso ntchito pa nkhonya kapena netiboli ya m'holo, kulikonse kumene mukudziwiratu malo amene munthu afike. Foni nayo ndi chimodzimodzi: njira yake ya usiku imaphatikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi, zomwe n'zabwino pa nyumba koma osati pa njinga. Ngati foniyo imalola kusankha shutter, ikani 1/60 muyese kuyenda nayo limodzi.

Kamera imene imagamula

Pamzere womalizira pali kamera ina imene siili m'manja mwa munthu, ndipo kajambulidwe kake n'kosiyana ndi zonse tafotokozazi. Siona bwalo lonse. Imaona kampata kopyapyala ka pamzere penipenipo, n'kumakajambula mobwerezabwereza maulendo masauzande pa sekondi. Ya kampani ya Omega imene inagwiritsidwa ntchito ku Paris mu 2024 imafika 40,000 pa sekondi. Kompyuta imandandalika timizere timeneti kuchokera mbali ina kupita ina, ndipo chotulukacho chimaoneka ngati chithunzi wamba, koma sichili choncho. Mbali yopingasa ya chithunzicho si mtunda, ndi nthawi. Chilichonse chimene chikuoneka chinajambulidwa pamalo amodzi omwewo, chilichonse pa nthawi imene chinafikapo.

N'chifukwa chake kumbuyo kwa zithunzi zimenezi kulibe oonerera, kuli mizere yokhayokha, ndipo masipoko amapindika ngati uta. Njinga yothamanga kwambiri imaoneka yofinyika chifukwa inadutsa pampatapo mwachangu, yochedwa imaoneka yotalika. Popeza kampata kalikonse kamalandira kuwala kwa kanthawi kochepetsetsa, pamzere womalizira pamafunika magetsi amphamvu komanso osaphethira, apo ayi chithunzi chimadzaza mizere yakuda. Oweruza amayang'ana kutsogolo kwa tayala loyamba, osati mutu kapena chifuwa cha munthu. Opalasa amadziwa zimenezi, ndiye pa mita yomaliza amatambasula manja, matako kubwerera kumbuyo kwa chishalo, n'kukankhira njinga kutsogolo kuti tayala lipeze masentimita angapo. Ojambula amene amakhala moyang'anizana ndi mzerewo amaika fokasi pamzere, shutter pa 1/2000, ndipo amayamba kudina njinga zitatsala mamita awiri kapena atatu kuti zifike.